Bowa Amene Amayi Anga Ankafunafuna

Amayi anga anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka msana utakana. Ine ndinabadwira m'malaini a antchito momwemo, m'nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'anizana ndi nkhalango ya bulugama, ndipo nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza pasukulu ya pa esiteti yomweyo. Ana amene ndimaphunzitsa lero ndi zidzukulu za anthu amene ankathyola tiyi mzere umodzi ndi amayi. Bambo anatisiya ndili ku sekondale. Tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono, amene atakula anakaniratu kubereka dengu la tiyi, nayamba kabaza wa njinga yamoto pamsewu wa ku Masambanjati mpaka Thekerani.

Amayi anali munthu wa pakamwa. Akamaseka kumunda, akapitawo ankadziwira patali kuti gulu lawo lili mbali iti. Atapuma pantchito anabwerera kumudzi kwathu, kumalire kwenikweni kwa esiteti, kumene tiyi amathera ndipo timinda ta chimanga ndi nandolo timayambira. Chimene ankachikonda kuposa zonse chinali bowa. Mvula yoyamba ikangogwa, mwendo wawo sunkakhala pansi. Ankadziwa chulu chilichonse cha m'dera lathu, chimene chimabereka utale ndi chimene chimangonamiza, ndipo malo awo sankauza munthu, ngakhale ine mwana wawo. Wodyedwa ankamutchula mayina ake. Wina yense wosadyedwa anali ndi dzina limodzi basi, chirombo, ndipo ankangomupeputsa ndi phazi n'kumapitirira.

Chaka chija kunagwa mvula yogumula mapiri, mlongo wanga ananyamula munthu kupita naye kuseri kwa Thekerani. Anakamutula bwinobwino. Pobwerera anapeza mtsinje wadzadza, ndipo amene anali kutsidya amati anamukuwira kuti adikire, koma iye anangokweza dzanja n'kulowa. Njinga inapezeka itakodwa m'mizu ya mtengo. Iye sanapezeke. Amalume ndi anyamata a m'mudzi anatsata mtsinjewo mpaka kutali, akufukula mchenga paliponse pamene pankamveka fungo, koma ankangopeza mbuzi ndi nkhumba zakufa.

Pomaliza amalume anati tiike thunthu la nthochi m'manda monga amachitira makolo, kuti maliro athe, anthu abwerere kuminda. Tinachita zimenezo. Anthu analira, kwaya inaimba. Amayi anakhala pamphasa maso ali gwaa, osatulutsa msozi. Amayi ena atawagwira paphewa n'kuwauza kuti, "Lirani, anzathu, musasunge m'mimba," iwo anayankha kuti, "Ndilire chiyani? Ine sindinabereke nthochi."

Matendawo sanabwere tsiku limodzi. Poyamba anasiya kupita kumunda, tinati ndi chisoni. Kenaka anasiya kupita kugulu la amayi a kutchalitchi. Kenaka ndinapita kumudzi Loweruka lina n'kupeza ndiwo zimene ndinawaphikira sabata yapitayo zili momwemo m'poto, zitachita nkhungu. Anali asanasambe. Nkhuku zinkalowa m'nyumba n'kutuluka iwo akuziyang'ana. Ndinawatenga tsiku lomwelo kukakhala nawo kunyumba ya aphunzitsi.

Anthu ankati akuganiza kwambiri. Ena ankanong'ona kuti mutu wayamba kusokonekera, tiwatengere ku Zomba asanayambe kuvula. Koma amayi sankalongolola zosamveka, sankathamangitsa munthu. Ankangokhala pakhonde, miyendo atatambasula, kuyang'ana minda ya tiyi. Ukawafunsa kuti chikuwawa n'chiyani ankati, "Palibe." Tsiku lina anandiuza kuti, "Ndikumva ngati andiika mwala pachifuwa, ndiye ndikupuma cham'mbali." Kwa miyezi yambiri sananenenso china choposa pamenepo.

Abusa athu anabwera kudzapemphera, ndipo anali munthu wachifundo, sanawadzudzule. Tinapitanso kwa mlaliki wina wa ku Khonjeni amene anatchuka ndi kutulutsa ziwanda. Anawagwira mutu, anakuwa mpaka mawu kusasa, amayi ali chiimire ngati akudikira minibasi. Pobwerera amayi anangoti, "Bambo aja atopa, mukanawagulira madzi."

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, ndi amene anabweretsa nkhani ya ng'oma. Anati uyu ndi nantongwe, matenda a mizimu amene Alomwe amawadziwa kuyambira kale, ndipo agogo athu anadwalapo n'kuchira atawaimbira ng'oma. Ine ndinakana. Ndinali mphunzitsi, ndinkaphunzitsanso Sande sukulu, ndinkaopa pakamwa pa anthu. Amayi aang'ono anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, manyazi akowo awadyetsa mayi ako? Taona mikono yawoyo." Ndinayang'ana mikonoyo, ndipo ndinavomera.

Tinapita kwa mayi wina wokalamba wa kuseri kwa Khonjeni amene ankachiza matendawa. Anayamba dzuwa likupendeka. Anawakhazika amayi pamphasa, anawafunditsa nsalu pamodzi ndi mphika wa mankhwala otentha, anathira ufa pansi akutchula makolo athu. Amuna atatu ankaomba ng'oma, amayi ambiri atazungulira akuomba m'manja n'kumaimba m'Chilomwe. Kwa nthawi yaitali sipanachitike kanthu, ndipo ndinayamba kudzimvera chisoni kuti ndavutitsa munthu wodwala. Kenaka nsalu ija inayamba kunjenjemera. Amayi anaitaya, anaimirira, nayamba kuvina ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo. Anayamba kuitana mlongo wanga ndi dzina lake la paubwana. Ankamulankhula m'Chilomwe, chinenero chimene anasiya kuyankhula agogo atamwalira, akumukalipira kuti n'chifukwa chiyani sanadikire madzi, akumufunsa ngati akuzizidwa kumene aliko. Analira mpaka anagwa, amayi anzawo n'kuwawakha.

Masabata otsatirawo ndinkayenda ngati ndapepukidwa. Amayi ankadya. Anasesa pabwalo, anandinena kuti ndimaphika ndiwo ngati mzungu, mchere wosamveka. Ndinauza amayi aang'ono kuti ndinalakwa kukana. Koma chiperoni chitafika, nkhungu itaphimba minda masiku otsatizana, ndinawapeza m'mawa wina atakhalanso pamalo awo aja pakhonde, tsache lili pambali. Tinabwereranso kwa mayi wa ng'oma uja. Ng'oma zinalira mpaka oomba manja kutupa, koma nsalu sinagwedezeke. Mayiyo anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Mwanangu, ine ndafika pamene ndimathera. Yesani kwina."

Nthawi imeneyo pakiliniki ya esiteti panabwera dokotala watsopano, mtsikana wochokera kumpoto, Chichewa chake chomveka Chitumbuka. Anali wamng'ono kwa ine, koma anali woyamba kukhala pansi ndi amayi n'kuwafunsa mafunso mosathamanga. Anandiuza kuti awa ndi matenda a maganizo, amadziwika, ali ndi mankhwala ake, ndipo si misala. Anatipatsa timapiritsi. Timapiritsito tinawathandiza kugona, koma ankadandaula kuti kukamwa kukuuma, ndipo mwala uja sunasunthe. Mwezi wina mapiritsiwo ankapezeka, mwezi wina ndinkayenera kukwera kupita kuboma kukawafuna. Adokotala anasintha mtundu kamodzi, kenaka anandiuza mosabisa kuti mitundu imene angathe kuipeza ndi yomweyo.

Nyumba yawo inali pafupi ndi sukulu, ndipo poti analibe abale kuno, ankakonda kubwera kwathu akaweruka. Tinakhala mabwenzi. Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, tinali pakhonde tikusenda chinangwa, amayi ali pamphasa chapatali pang'ono. Panadutsa mayi wina ndi beseni la utale akugulitsa. Nditagula, adokotala anatenga bowa mmodzi n'kumamutembenuza m'manja.

"Mukudziwa, aphunzitsi," anatero, "kunja kuli madokotala amene akuyesa bowa pa matenda ngati a amayiwa."

Ndinaseka. "Bowa ndiwo?"

"Ayi, wina. Woledzeretsa. Munthu akadya amaona zinthu, amalira, amakumana ndi zimene wakhala akuzithawa. Akumuyesa pa anthu amene mapiritsi anawakanika. Ena akuti akumva kupepuka, ena ayi. Akadali kufufuza."

Anandifotokozera kuti nzeruyo sinayambire m'chipatala. Anthu a m'mapiri a ku Mexico, eni nthaka akumeneko, akhala akudya bowa ameneyo pamiyambo yawo yochiza kuyambira makolo awo. Wodwala sadya yekha. Pamakhala wochiza, nthawi zambiri mayi wachikulire, amene amapemphera n'kumuimbira mpaka zitatha. Madokotala a masiku ano anatengako mankhwala a m'bowayo, ndipo nawonso amagoneka wodwala m'chipinda chabata, kumuikira nyimbo, wina atakhala pambali pake.

Tinkalankhula ngati mmene tinazolowerera, ngati kuti amayi palibe. Ndiye tinamva mawu kuchokera pamphasa.

"Amamera pati?"

Tonse tinatembenuka. Amayi anali atadzutsa mutu, akuyang'ana adokotala m'maso. Sindinkakumbuka tsiku limene anafunsapo funso.

"Amayi?"

"Bowa wanuyo, adokotala. Amamera pachulu kapena pansi pa mitengo?"

Adokotala anatulutsa foni, anafufuza, n'kupita kukagwada pambali pawo. Pachithunzipo panali tibowa tating'ono tofiirira, miyendo yowonda. Anawerenga kuti mitundu ina imamera pandowe za ng'ombe, ina pamitengo yoola, ndipo ukamukanda amasanduka wobiriwira ngati bulu wochapira.

"Wa pandowe?" Amayi anagwira foniyo ndi manja awiri, kuiyandikitsa kumaso. "Ameneyu ndi chirombo."

"Eya, si ndiwo."

"Ndiye mwati amamuimbira munthuyo?"

"Amamuimbira, amayi."

"Ndiye ndi ng'oma zathu zomwezi. Kungoti anzathuwo ali ndi bowa, ife tilibe. N'chifukwa chake zanga zija zinathera panjira."

Adokotala anazindikira msanga kumene nkhani ikulowera. Anawagwira dzanja n'kuwauza pang'onopang'ono kuti bowa ameneyo kuno sadziwika, malamulo salola, ngakhale kunjako sanafike pomupereka m'zipatala wamba. Anati tibowa tating'ono tofiirira tilipo tambirimbiri tofanana, ndipo tina timapha. "Mundilonjeze kuti simudzadya chilichonse chimene simukuchidziwa." Amayi anagwedeza mutu n'kubweza foni.

M'mawa mwake ndikukonzekera kupita kusukulu, ndinawaona atamanga chitenje cholimba m'chiuno, atatenga kathumba. Anati akukawongola miyendo.

Anayenda dzinja lonselo. Kwathu kuno anthu ambiri amaweta ng'ombe za mkaka m'makola, ndiye amayi ankapita khola ndi khola, kupempha kuti aone kuseri kumene amataya ndowe. Eni ake ankawalola, ena akuseka, ena akumva chisoni. Ankalowa m'bulugama, ngakhale iwo omwe ankanena kale kuti pansi pa bulugama sipamera chabwino. Nkhalango za masuku ndi mombo zimene ankazulamo bowa ali mtsikana zinatha kalekale, phiri linameteka mpala, ndiye ankatsata timitengo totsalira m'mphepete mwa mitsinje ndi kumanda. Masana ankabwera atanyowa, matope mpaka m'mawondo, n'kuyala zimene apeza pansalu. Ankatenga kamodzikamodzi, kukakanda ndi chikhadabo, n'kudikira. Palibe kamene kanasintha mtundu.

Madzulo ankadikira adokotala. "Nanga aka?" Adokotala ankayang'ana n'kunena zoona: "Sindikudziwa, amayi. Ine za bowa sindinaphunzire. Tayani." Ndinkatenga nsalu ija n'kukakhuthulira m'chimbudzi.

Ndinkachita mantha, komanso ndinkasangalala, ndipo ziwirizi zinkandisowetsa mtendere. Munthu amene anakhala chaka chathunthu pakhonde tsopano ankayenda, ankabwera ndi njala, ankapereka moni kwa anthu panjira. Masaya anayamba kubwerera. Ndinafunsa adokotala ngati tiwaletse. Anati, "Kuyendako kukuwathandiza kuposa mapiritsi anga. Tikawatsekera m'nyumba tiwabwezera pomwe anali. Tingoonetsetsa kuti asadye." Amayi aang'ono nawo anati asiyeni, mwina mizimu ikuwatsogolera. Aliyense wa ife anali ndi chifukwa chake chowasiyira.

Mvula itayamba kuchepa, bowa anayamba kusowa, ndipo ndinaona kuti kathumba kaja kakubwera kopanda kanthu masiku ambiri. Anasiya kudikira adokotala. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Ku Mexico n'kutali kuposa ku Joni?" Ndinati n'kutali kwambiri, kuwoloka nyanja yaikulu. Anati, "Oo," n'kukagona.

Linali Lachinayi. Ndinaweruka masana n'kupeza chitseko chili pululu, pakhonde palibe munthu. Ndinawapeza kuseri kwa bafa atagwada, akusanza, thukuta lili kamukamu. Pamoto panali kapoto kakang'ono kamene sitinkaphikira, m'kati muli totsalira toterera. Ndinakuwa. Aphunzitsi anzanga anathamanga, wina anakaitana adokotala, ndipo galimoto ya esiteti inatitengera kuchipatala cha kuboma. Njira yonse adokotala anali atawagwira mutu pamiyendo pawo, akuwafunsa kuti adya chiyani, adya nthawi yanji.

Anakhala m'chipatala nthawi yaitali. Maso anachita chikasu, miyendo inatupa, ndipo panali masiku amene anamwino ankandiyang'ana mwa njira imene ndinkaidziwa tanthauzo lake. Amalume anabwera, anaima kumapazi kwa bedi n'kunena kuti mvula ikakuona litsiro sikata. Koma amayi sanafe. Pang'onopang'ono anayamba kumwa phala.

Funso limodzi linkandivutitsa. Munthu wina aliyense ndikanati walakwitsa. Koma awa anali amayi anga, amene anazula bowa moyo wawo wonse osadwalitsapo munthu. Totsalira tija m'kapoto sitinali tofiirira, sitinali tating'ono, sitinkafanana n'komwe ndi chithunzi cha pafoni. Tsiku lina masana, odwala ena akugona, ndinakhala pabedi n'kuwafunsa.

"Amayi, bowa uja munkamudziwa?"

"Ndinkadziwa kuti si ndiwo."

"Anasintha mtundu mutamukanda?"

"Ayi."

"Nanga munadyeranji?"

Anayang'ana kudenga. Ndinafunsanso. "Munkafuna kuchira, kapena munkafuna kutisiya?"

"Mvula imatha, mwanawe," anatero. "Ndinaona kuti chaka chino sindimupeza, ndipo chaka chamawa miyendo sidzalola. Ndiye ndinati ndidye amene alipoyu. Chimene akanandipatsa ndikanalandira."

Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo pamene amayi odikirira odwala amaphikira. Mayi wina amene sindinkamudziwa anandipatsa chikho cha madzi osandifunsa kanthu.

Nditawauza adokotala mawu amenewo, analira ngati mwana. Titabwerera kunyumba anabwera n'kugwada pamaso pa amayi, nati, "Ndinalakwa kukamba nkhani ija pamaso panu. Mundikhululukire." Amayi anawasisita pamutu. "Simunalakwe, mwanangu. Munandipatsa koyenda." Adokotala anakonza zoti tizipita kuboma kukaonana ndi namwino wa matenda a maganizo, amene ankacheza ndi amayi paokha, ndipo anatiuza kuti amayi asamakhale okha. Tinapita maulendo angapo. Namwinoyo anali wodekha, koma pamzere pankakhala anthu ambiri, ndipo amayi ankangomuyankha kuti, "Ndili bwino, zikomo."

Chaka chotsatira adokotala anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro, ndipo anachoka. Anandiuza kuti akufuna kuphunzira za matenda a maganizo omwewa. Timalankhulana pafoni mwa apo ndi apo. Amene anabwera m'malo mwawo ndi bambo wabwino, amatilembera mapiritsi akakhalapo. Mayi wa ng'oma uja anamwalira, ndipo sindinamve kuti pali amene anatenga ntchito yake. Ana ake ndi opemphera, ng'oma zija akuti anazitentha.

Nthawi zina pa buleki ndimakhala m'kalasi n'kumawerenga pafoni za kafukufuku uja. Akupitirizabe. Ena amalemba zolimbikitsa, ena amachenjeza kuti anthu asathamange, pali amene zimawaipira. Ndinawerenganso kuti anthu a m'mapiri aja, eni mwambo, anavutika alendo atayamba kukhamukira kwawo kukafuna bowa, ndipo ambiri mwa iwo akadali osauka ngati ife. Ndimaona zithunzi za zipinda zimene amayeseramo: bedi loyala bwino, maluwa patebulo, anthu awiri ophunzira atakhala pambali pa wodwala mmodzi tsiku lonse. Ndikatero ndimakumbukira benchi ya pakiliniki yathu Lolemba m'mawa, amayi a ana akudwala malungo atadzaza mpaka panja, dokotala ali mmodzi. Ngakhale atapeza kuti mankhwalawo amachiza, sindikuona njira imene angadzere kuti afike kumalaini a tiyi amayi akadali moyo. Sindikudziwanso ngati akanawathandiza. Mwina akanangowatsegula kwa masabata ochepa ngati ng'oma zija.

Panali bambo wina, kalaliki wa kufakitale, amene ankafuna kundikwatira. Anadikira, kenaka anafunsa ngati amayi sangakakhale kumudzi ndi amayi aang'ono. Nditakana, anasiya kubwera, ndipo sindimuimba mlandu. Tsopano amayi aang'ono ndi amene amabwera m'mawa uliwonse kudzakhala nawo ine ndikapita kusukulu, koma nawonso akukalamba, mawondo akuwavuta, ndipo ana awo a ku Blantyre akuwaitana. Mipeni, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi ndimatsekera m'sutikesi. Bowa sitidyanso m'nyumba muno. Ogulitsa anadziwa, amadutsa pakhomo pathu osaima.

Chiwindi sichinabwerere mwakale. Amayi amadya pang'ono, amatopa akangoyenda kufika kumpopi. Sadandaula. Loweruka ndimawasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwapesa. Thupi lawo lapepuka moti ndimawadzutsa ndi dzanja limodzi. Nthawi zina ndikamawapesa amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ukuvutika nane, aphunzitsi." Ndimati ayi. Amati, "Ukunama," ndipo timasiyira pomwepo.

Teremu yathayi zinandichitikira koyamba. Ndinali kulemba masamu pabolodi, ndinatembenukira pawindo, n'kuona anthu akuthyola tiyi kutsidya, madengu kumsana. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinadzidzimuka mtsikana wa kutsogolo akuti, "Madamu, choko chagwa." Ana onse ankandiyang'ana. Ndinatola chokocho n'kupitiriza. Zachitikanso kangapo kuchokera pamenepo, ndipo m'mawa wina ndimakhala pabedi nditavala nsapato imodzi, osapeza chifukwa chovalira inzake. Ndikudziwa dzina la zimenezi, ndikudziwanso mapiritsi ake ndi pamene amathera. Ndinalemba uthenga wautali kwa adokotala aja, koma ndinaufufuta ndisanatumize, poti ali pa mayeso. Amayi aang'ono sindinawauze. Akadziwa adzakakamira kukhala, ndipo mawondo awo akufunika chipatala cha ku Blantyre.